Amake Toni

Mwezi uno takwanitsa chaka chiwaikireni m'manda Malume Toni ku Bilston, koma mpaka pano ndikakumana ndi Mmalawi wachilendo kutchalitchi ndimangozindikira pakamwa panga payamba kale kufunsa funso lawo lija. Iwo sankayamba ndi zoti kwanu n'kuti kapena ukugwira ntchito yanji. Ankakugwira dzanja, osalisiya, n'kukufunsa dzina la amayi ako. Ukati Nabanda, ankapukusa mutu, amvekere umenewo ndi mfunda. Ukati amake uje, ankapukusanso. Ankafuna dzina lenileni, limene mayiyo anapatsidwa ali wakhanda.

Ana a payunivesite ku Wolverhampton ankatsinana, poyesa kuti ndi ukalamba chabe. Koma ndinaona ndi maso angawa anthu a madigiri awo akukanda m'mutu, dzina la mayi wowabereka litawathawa, ena asanalimvepo n'komwe. Kwathu mwana satchula dzina la kholo lake, ndiye ambiri timakula tikungoti amayi, amayi, mpaka imvi kumera. Woteroyo Malume ankamuuza kuti atulutse foni aimbe kumudzi pompo, iwo ataima pomwepo kudikira yankho.

Funsoli analiyamba mochedwa, patatsala zaka zochepa kuti atisiye. Zaka zonse zam'mbuyo analibe funso kwa munthu. Anali ndi nkhani imodzi yokha, ya hotelo ya kwa bambo awo mumzinda wa Genoa ku Italy, ndipo tinaimva mpaka makutu kuwawa.

Sanali malume anga a magazi. Ine ndine wa ku Dedza, namwino, ndipo ndinawapeza kuno monga tinawapezera tonse. Anafika ku England ine ndisanabadwe, anagwira m'fakitale ya zitsulo ku Bilston mpaka inatsekedwa, kenako anayendetsa mabasi mpaka kupuma pantchito. Akazi awo, mzungu wa komweko, anamwalira osawasiyira mwana. Anali aatali, oyera khungu, tsitsi lofewa lopotana, ndi makutu akuluakulu otuluka m'mbali ngati zogwirira za poto. Chichewa chawo chinali cha kum'mwera, cha makedzana, chopanda Chingerezi chimene ifeyo timathira paliponsechi. Ukawauza kuti sindibwera ndili bize ndi mashifiti, ankakuuza kuti ubwerezenso m'chinenero cha anthu.

Fulati yawo inali ya zipinda ziwiri pafupi ndi msika, koma ankaiyendetsa ngati hotelo. Manesi ambiri a ku Wolverhampton, ena mpaka a ku Nuneaton, tinagona masabata athu oyamba m'chipinda chawo cha alendo, chimene ankachitcha nambala seveni. Wani kunalibe, thuu kunalibe, koma seveni inalipo, chifukwa bambo awo anabadwira m'chipinda cha nambala imeneyo kuhotelo kuja. Kiyi wake ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo potuluka unkayenera kumupachika, osati kumuika m'thumba. Mlendo sankaloledwa kunyamula chikwama chake pamasitepe, ngakhale iwowo akupuma wefuwefu. Patebulo pankayalidwa nsalu yoyera yosita, ndiwo zikhale nyemba kapena mazira. Ukafuna kuwathokoza ndi kenakake ankapsa mtima, kuti wawayesa chiyani.

Khofi wawo ndiye ayi. Ankamuphika m'kaketulo kachitsulo, wakuda bii, wowawa, m'timakapu toti ukameza kamodzi watha. Tsiku loyamba ine ndinapempha mkaka ndi kapu yaikulu, ndipo anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Pashelefu panali kasupuni kasiliva kokhala ndi chizindikiro cha nangula pachogwirira. Kameneko sikankalowa m'kapu ya munthu aliyense. Ankakapukuta Loweruka lililonse, ndipo nkhani ya hotelo inkayambira pamenepo.

Ankaiyamba ndi agogo a bambo awo, mayi Rosa, amene mwamuna wawo anamira panyanja n'kuwasiyira kanyumba kopapatiza pafupi ndi doko. Anthu odikira sitima zopita ku America ankagona m'misewu, ndiye mayiwo anayamba kuwayalira pansi m'nyumbamo ndi kuwaphikira msuzi wa nyemba. Lamulo lawo linali lakuti wobwera mvula ikugwa sabwezedwa. Mwana wawo anaonjezera nyumba kupita m'mwamba, mkazi wake n'kusoka makatani oyamba ndi nsalu za matanga akale a ngalawa. Nthawi ya nkhondo bomba linaboola denga n'kugwera m'khitchini osaphulika, ndipo agogo aakazi a Malume, osoka makatani aja, anakana kutuluka mpaka msuzi utapsa. Apa Malume ankaimirira kutionetsa mmene gogoyo ankalilambalalira bombalo atanyamula poto. Ankadziwa amene anakwatira yani, amene anathawa ndi woimba, amene anabzala mtengo wa mandimu pabwalo la mkati. Zonsezi anazimva kwa bambo awo ali kamwana, ndipo sanataye ngakhale kamodzi.

Bambo awowo, a Pietro, anali mwana wachiwiri, wopanda malo pahotelo, ndiye anabwera ku Nyasaland kudzamanga mafakitale a tiyi ku Thyolo. Mkulu wawo atamwalira anaitanidwa kwawo kukatenga makiyi. Anamusiya Toni kwa ansembe kusukulu yogonera komweko ya ku Thyolo, kasupuni kali m'thumba, n'kumuuza kuti adzamutenga. Nkhani inkathera pomwepo. Ukafunsa kuti nanga anadzakutengani, ankanyamuka kukatsuka makapu.

Ife tinkawaseka, tisaname. Tinkawatcha Mtaliyana wa ku Bilston, munthu wotchula kwathu malo amene sanapondeko. Koma amene sankawapatsa mpata wopuma anali Bambo Chikopa, mkulu wa mpingo wathu, wa ku Thyolo komweko, wamfupi, wa mawu ngati wailesi. Awiriwa ankakangana pa chilichonse, mpira, ndale, ngakhale njira yachidule yopitira ku Birmingham. Mkangano umene tonse timaukumbukira unachitika pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, m'holo ina ku Wolverhampton. Malume anali pakati pa nkhani ya bomba ija pamene a Chikopa anawadula pakamwa. Anati atopa ndi agogo a Chitaliyana, kuti ku Thyolo mwana ndi wa kuchikazi, kwanu n'kumene kunachokera amayi ako, ndipo munthu sabadwa kwa bambo yekha ngati bowa.

"Tatiuzaniko kamodzi kokha za mayi amene anakuberekani," anatero a Chikopa.

Malume anaika kapu pansi. "Anali munthu wothyola tiyi basi. Palibe nkhani pamenepo."

Patebulo lomwelo panali amayi amene anaphunzira unamwino ndi thukuta la makolo othyola tiyi. Ine ndinachita manyazi ngati ndayankhula ndine, maso ndinangozika m'mbale. A Chikopa anamaliza ndi kunena kuti tsiku limene Malume adzaponde pahotelopo, azungu adzawaitanira apolisi. Kuchokera pamenepo awiriwa ankangopatsana moni wa pamwamba, ndipo zinakhala choncho nthawi yaitali.

Ulendo wa ku Genoa unabwera madokotala atawauza kuti mtima wawo watopa. Anandiitana kufulati, anandiphikira khofi uja, n'kunena kuti akufuna kukaona kwawo asanafe, ndipo akufuna ine ndiwaperekeze. Ndinayesa kuti akufuna namwino. Ayi ndithu, ankafuna mneneri. Anati munthu wamkulu sakadzionetsa yekha kwa abale amene sakumudziwa, pamafunika wina womuyankhulira. Ndinaseka kuti munthu wokana za kumudzi moyo wake wonse wakumbukira liti mwambo, koma iwo sanaseke. Anagula tiyi wa ku Thyolo, mpunga wa kilombero ndi chitenje m'sitolo ina ku Birmingham, chifukwa kwa abale supita chimanjamanja. Chimene ankaopa anandiuza m'ndege, mawu ali pansi. Ankaopa kuti akawauza kuti sakuwadziwa.

Hoteloyo inalipodi, abale. Yopapatiza, yaitali, nangula ali pamwamba pa chitseko. Malume anaima pakhomo atavala suti yawo yakuda, anavula chipewa, anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kuti odi. Azungu okoka zikwama ankatilambalala akutiyang'ana. Ine nkhope inatentha. Titalowa ndinalunjika kudesiki kuti tilembetse, koma anandikoka dzanja, kuti iwo salembetsa dzina pakhomo pa bambo awo ngati wapaulendo. Tinakhala pa mipando ya pamalo olandirira alendo, katundu wa mphatso ali pamiyendo, kudikira eni khomo kuti abwere atilonjere. Ndinawanong'oneza kuti kuno si ku Thyolo, palibe amene abwere ndi madzi akumwa n'kufunsa za ulendo. Anati tidikire. Mayi wa padesiki anabwera kangapo kufunsa ngati tikufuna thandizo, ndipo Malume ankangomuyankha mwaulemu kuti tafika bwino, zikomo. Tinakhala chikhalire anthu mpaka kudya nkhomaliro n'kubalalika, mimba yanga ikulira.

Dzuwa litapendeka anatulutsa kasupuni kaja m'thumba la jekete, anakaika m'dzanja langa, n'kuti pita tsopano. Ndinakaika padesiki n'kunena monga anandiphunzitsira, kuti mwana wa a Pietro wochokera ku Africa wabwera kudzaona pakhomo. Mayi uja anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kunyamula foni. Mumtima ndinati a Chikopa aja ananena zoona, apolisi ndi amenewo.

Amene anatsika masitepe anali gogo wamfupi woyenda ndi ndodo, makiyi akulira m'chiuno. Anali mayi Lucia, mwana wa a Pietro kwa mkazi amene anakwatira atabwerera kwawo, ndipo ndi amene ankayendetsa hoteloyo. Kasupuni sanakayang'ane n'komwe. Anaima patsogolo pa Malume n'kuyang'ana makutu, kenako anadzikankhira tsitsi loyera kumbuyo kuti tione awonso. Anali omwewo, zogwirira za poto.

"Antonio," anatero m'Chingerezi cha anthu a m'mahotelo. "Mwachedwa bwanji, achimwene."

Mayi Lucia ankadziwa za Malume. Bambo awo anawauza ali pafupi kumwalira, ndipo anafunsafunsa kudzera kwa ansembe koma osaphula kanthu. Anawakumbatira Malume, analandira mpunga ndi manja awiri, chitenje anachikolekera paphewa pomwepo. Ine misozi inali mbwembwembwe, ndipo ndinkangoganiza za mmene ndikawauzire a Chikopa. Ndinkayesa kuti chovuta chatha.

Mayi Lucia anatitengera m'khonde lalitali la pansanjika yoyamba, limene khoma lake lonse ndi zithunzi za banja. Asanatsegule pakamwa, Malume anali ataloza kale chithunzi choyamba n'kuti awa ndi mayi Rosa. Anayenda khoma lonselo akutchula mmodzimmodzi, anthu amene sanawaonepo nkhope, akuwazindikira ndi nkhani zawo zokha. Uyu ndi wosoka makatani, uyu ndi wothawa ndi woimba uja. Mayi Lucia atanena kuti bomba linagwera m'chipinda chosungira ufa, Malume anawatsutsa kuti linagwera pambali pa chitofu, ndipo gogoyo anaseka mpaka kutsamira khoma, kuvomera kuti bambo ankanenadi choncho. Ogwira ntchito anasiya zimene ankachita kudzaonerera. Anatitsegulira nambala seveni yeniyeni, Malume anagwira chitseko ndi chikhato chonse osalowa. Sindinawaonepo atawala nkhope ngati tsiku limenelo.

Kumapeto kwa khondelo kunali chithunzi cha a Pietro. Kudzanja lamanja kunali mkazi wawo, amayi a Lucia. Kumanzere kunali felemu yopanda kanthu, galasi lokha ndi pepala loyera mkati.

Mayi Lucia anafotokoza kuti pakhoma limenelo palibe amene amapachikidwa popanda dzina, ngakhale antchito amene anakalambira pahotelopo ali ndi mayina awo pansi pa zithunzi. Bambo awo ankamutchula mkazi wa ku Africa uja, amayi a Malume, kuti Maria. Koma ali pa bedi la imfa anaulula kuti silinali dzina lake. Anamupatsa okha tsiku loyamba chifukwa sanafune kuvutika ndi dzina lachikuda, ndipo anakhala naye zaka zonse zija, anabereka naye mwana, osafunsa. Anamwalira zikuwawawa. Amayi awo a Lucia atatsikira kuli chete, iwo anapachika felemuyo n'kuyamba kudikira munthu mmodzi yekha padziko amene akanadziwa.

"Ndakhala ndikudikira inu," anatero, akumwetulira. "Amayi anu dzina lawo anali ndani?"

Malume anatsegula pakamwa. Ndinaona milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anatembenukira kwa ine, mneneri wawo, ngati kuti mwina ndili nalo m'chikwama. Mayi Lucia, poyesa kuwapeputsira, anati ngati dzina lavuta kalembedwe, chithunzi chokha chingakwane poyamba. Chithunzi panalibe. Anafunsa za mudzi wawo, kuti mwina abale alipo. Anafunsa kumene anaikidwa. Funso lililonse linali lofatsa kuposa linzake, ndipo lililonse linkawafupikitsa Malume pamaso panga. Munthu amene anangotchula kumene mibadwo ya azungu popanda kuphonya, Chingerezi chinamuthawa.

"Sindikudziwa," anatero m'Chichewa. "Uwauze, mwanangu. Sindikudziwa."

Ndinayenera kumasulira mawu amenewo, ogwira ntchito aja ali chiimire. Pantchito yanga ndauzapo anthu nkhani zoipa zambiri, koma sindinachitepo manyazi ngati pamenepo. Ndinachita manyazi chifukwa cha iwo, chifukwa cha bambo wa pachithunzi uja, ndiponso chifukwa cha mayi amene amuna awiri a moyo wake sanamufunse kuti ndiwe yani. Mayi Lucia anasiya kumwetulira, anangoti pepani, pepani, akusisita chitenje chija.

M'mawa mwake anakana kadzutsa, anati tiyende kudoko. Tinakhala pa benchi, sitima zikuluzikulu zili patsogolo pathu, ndipo anandiuza nkhani imene sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo. Kusukulu ya ansembe ija kunali ana ambiri a makaladi, ndipo aliyense ankadzitama ndi bambo wake. Tsiku lina amayi awo anabwera wapansi kuchokera kuesiteti, opanda nsapato, atasenza chinangwa chophika ndi nthochi. Anaima kumpanda akuitana Toni, Toni. Anzawo atafunsa kuti ndani ameneyo, iwo anayankha kuti ndi wantchito wa kunyumba kwa bambo. Ananena mokweza, ndipo mayiwo anamva. Anatula mtolo pansi, anamupatsa moni ngati mwana wa bwana, atagwada pang'ono, kuti bodza la mwana wawo lisaululike, n'kubwerera. Anabweranso maulendo ena, ndipo nthawi zonse ankaima patali n'kugwada chimodzimodzi. Atamaliza sukulu Malume anapita ku Limbe, kenako ku England, osakatsanzika. Uthenga wa maliro unawapeza mochedwa ku Bilston, ndipo sanapite ngakhale kukaona manda.

Anati ali mwana ankangoti amayi, monga mwana aliyense, ndipo zimenezo si mlandu. Mlandu ndi wakuti atakula, nthawi yofunsa ilipo, anali kalikiliki kuloweza mayina a anthu a pakhoma lija. Ndinalibe mawu owatonthoza amene sakanakhala bodza.

Titabwerera, anthu ankayembekeza kuti tsopano ndiye tifa nayo nkhani ya hotelo. Sanaikambenso. Kasupuni anakasiya ku Genoa. Lamulungu loyamba analunjika kwa a Chikopa anthu akuona, anavula chipewa, n'kuwapempha kuti awathandize kufunafuna amayi awo. A Chikopa, amene ndinkayesa kuti avina, anangowakokera mpando. Ndi nthawi imeneyo pamene funso lija linayamba, logwira anthu dzanja pakhomo la tchalitchi.

Ulendo wa ku Malawi madokotala anaukana, ndiye a Chikopa ndi amene anakhala miyendo yawo. Anaimbira abale awo onse a ku Thyolo, anatuma adzukulu m'midzi, ndipo atapita kutchuthi anayenda okha m'maesiteti. Pamene panali nyumba za antchito zija anapeza pali tiyi yekhayekha. Kumishoni kunalembedwa dzina la bambo lokha. Zinamveka kuti mayiwo anali Mlomwe wochokera kutsidya la malire, amene anabwera ndi malume ake kudzafuna ntchito, ndipo abale ake anabalalika kalekale. Awiriwa ankakanganabe, koma tsopano za njira yofufuzira, ndipo a Chikopa ankamwa khofi wowawa uja akudandaula kuti awapha.

Ndinalipo tsiku limene a Chikopa anabwera ndi yankho lomaliza. Ndinapita kukawayeza kuthamanga kwa magazi Malume, amene nthawi imeneyo miyendo inali itatupa. A Chikopa analowa opanda phokoso lawo lija, anakhala pansi, chipewa chili pabondo. Anati anapeza agogo awiri amene anathyola tiyi limodzi ndi mayiwo ali atsikana, ndipo onse awiri akuwakumbukira bwino. Anali mayi wamtali, wosayankhulayankhula, wodziwa kuimba. Sanakwatiwenso. Ankauza aliyense kuti mwana wawo ali ku Ulaya, akuphunzira. Malume anafunsa za dzina. A Chikopa anayang'ana pansi.

"Achimwene, onse akuti ankangowatchula kuti amake Toni. Mpaka kumanda. Lina palibe akulidziwa."

Malume anayang'ana makina anga oyezera amene anali akadali pamkono pawo. Kenako anati, "Ndiye kuti dzina limene anafa nalo ndi langa. Ine wowakana uja."

Ndinawauza kuti tiwaimbire mayi Lucia alembe lomwelo, poti kwathu limenelo ndi dzina laulemu, mayi aliyense amalinyadira. Anakana kwamtuwagalu. Anati iwo sangakapachike pakhosi pa mayiwo, pakhoma la azungu, dzina la mwana amene anawatcha wantchito. Anali ndi lawolawo, limene amayi awo anawapatsa, ndipo ngati silipezeka felemuyo ikhale choncho kuti aliyense wodutsa aone zimene iwo ndi bambo awo anachita. Ndinakangana nawo, a Chikopa anakangana nawo, mayi Lucia anawachonderera pafoni. Malume akakana, anali atakana.

Anamwalira m'nyengo yozizira, m'chipatala, masana, a Chikopa atawagwira dzanja. Pamaliro anandisankha ine kuwerenga mbiri ya womwalira. Tchalitchi chinadzaza, manesi amene anagona mu nambala seveni anabwera ndi ana awo oyankha m'Chingerezi. Ndinawerenga kuti Malume Toni anabadwira ku Thyolo, kwa bambo Pietro a ku Genoa ndi mayi, ndipo pamenepo ndinaima. Ndinkadziwa kuti pali mpata, ndinalemba ndekha, ndipo ndinali nditakonza zongodumpha. Koma ndinalephera kudumpha. Anthu anayamba kudzutsa mitu. Ndinaima pamenepo, pamaso pa Amalawi a ku West Midlands konse, anthu odzitama kuti timadziwa mwambo, tikuika m'manda munthu wopanda mayi.

A Chikopa anayankhula ali pampando wakutsogolo, osaimirira, ndi mawu awo a wailesi aja. Anati amake Toni. Amayi a kumbuyo anavomera chapansipansi, ndipo ine ndinabwereza n'kupitiriza. Kaya Malume akanatikhululukira, sindikudziwa. A Chikopa amati akakumana kumwamba akapitiriza mkanganowo.

Fulati ija muli anthu ena tsopano, banja lachinyamata la ku Zambia. Ndinapitako kukatenga makalata otsalira, ndipo ndinaona kuti msomali uja ukadali kuseri kwa chitseko, apachikapo ambulera. Kutchalitchi, pakhomo pamene ankaima, alendo amangolowa molunjika, manja ali m'matumba a majekete, popanda wowaimitsa. Ine ndimayesa kufunsa, koma ndilibe dzanja lawo losasiya lija, ndipo munthu akaseka ndimasekanso n'kumulola apite.

Sabata yatha mayi Lucia ananditumizira chithunzi pafoni, pokumbukira chaka. Malume awapachika pakhoma lija, pansi pa bambo awo, atavala yunifolomu ya mabasi, makutu ali poyera, dzina lawo lonse lili pansi pake. Kasupuni kali m'kabokosi kagalasi pambali. Kumanzere kwa a Pietro felemu ija ikadali pomwepo, galasi ndi pepala loyera, ndipo akuti amaipukuta okha m'mawa uliwonse pamodzi ndi zinzake. Alendo ena amafunsa ngati chithunzicho chinabedwa kapena chili kokonzedwa. Iwo amawayankha kuti mwini malowo alipo, ndi mayi wa m'banjamo, koma palibe amene anamufunsa dzina.